AMAYI OLUKA A KU KATAWA

Munthu wochokera kunyanja akafika ku Mzuzu mwezi wa Juni, choyamba kumlonjera ndi chisanu. Mzindawu uli pamwamba, m'mapiri a Viphya, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Unayamba m'chaka cha 1947 pamene anatsegula munda wa mitengo ya tung, ndipo mu 1985 unakwezedwa kukhala mzinda waukulu wa Chigawo cha Kumpoto. M'mawa kumagwa chifunga, ndipo nkhuku zomwe zimachedwa kutuluka.

Tsiku lina ndinayenda ku Katawa, dera la mumzindamo lodziwika ndi oyimba a Katawa Singers a mpingo wa CCAP. Pakhonde lina ndinapeza amayi anayi akuothera dzuwa, aliyense ulusi uli pamiyendo. "Monire adada," anatero m'Chitumbuka, nandipatsa mpando, koma manja awo sanaleke ntchito.

Mmodzi wa iwo, gogo wa imvi, analibe singano za m'sitolo. Ankaluka ndi masipoko awiri a njinga onoledwa pamwala. Ulusi wake anaupeza pomasula juzi yakale ya pa kaunjika, nauchapa, naukulunga ngati mpira.

Ndinafunsa kuti, "Kodi agogo, ntchitoyi njovuta?"

Iwo anaseka nati, "Iyayi mwanangu, mfundo zake ndi ziwiri basi, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Ukaluka ziwiri za kutsogolo, ziwiri za kumbuyo, mpendero umatamuka ndipo umagwira mutu bwino. Ukafika pamwamba, uziluka ziwiri pamodzi kuti chipewa chitseke."

Chipewa chimene ankalukacho chinali chaching'ono, choti nkuvekera lalanje. Chinali cha mdzukulu wawo amene anabadwa masiku asanakwane, ndipo tsiku limenelo anali akali kuchipatala pamodzi ndi amayi ake.

Tsono awerengi, mverani bwino apa. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la m'chaka cha 2012 linaonetsa kuti m'Malawi muno, mwa ana 100 obadwa, 18 ankabadwa masiku asanakwane. Mwana wotere alibe mafuta okwanira m'thupi, ndipo kutentha kwake kumathawira kwambiri kumutu. Chifukwa chake anamwino amaphunzitsa njira ya kangaru, imene inayamba ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978. Mwana amagona pachifuwa cha amayi ake, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi chitenje, atavala chipewa ndi timasokosi. Kachipewa ka gogo uja si kokongoletsa chabe ai, kakuthandiza kusunga moyo.

Si kuno kokha kumene chisanu chinaphunzitsa amayi kuluka. Ku Lithuania, dziko la ku Ulaya kumene madzi amauma ngati mwala nyengo yozizira, amayi a m'midzi kuyambira kale amaluka masokosi ndi zovala za m'manja ndi ubweya wa nkhosa. Amalukanso tizibangili tofunditsa pamkono. Amayamba atunga mikanda ku ulusi, ndipo poluka amakankhira mkanda umodzi umodzi pamalo pake mpaka maluwa aoneke. Nditawafotokozera zimenezi amayi a ku Katawa, mmodzi anati mawa lomwe ayesa, popeza mikanda pamsika ilipo.

Koma gogo uja anali ndi dandaulo. Anati atsikana a masiku ano safuna kuphunzira, ati majuzi a pa kaunjika ngotsika mtengo. Nzoona, koma kachipewa kokwana mwana wochepa chotere simungakapeze msanga pamulu wa zovala, ndipo mwanayo sadikira tsiku la msika.

Inu amayi a Umanyano, a Mvano ndi a Chigwirizano, musalole luso limeneli kufa. Mukasonkhana, itanani atsikana, muwapatse masipoko awiri ndi ulusi. Poyamba adzalakwitsa ndi kumasula kambiri, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mayi aliyense woyembekezera asunge kachipewa kamodzi m'chikwama chopita nacho kuchipatala.

Pamene ndinkatsazika, gogo uja anali atadula ulusi, nakulunga kachipewako m'kansalu, nanyamuka kukafuna njinga ya kabaza yopita kuchipatala.