DIMBA LA AGOGO NDI BWALO LA MAGALIMOTO

Mai wina wa ku Katete anafika mu Lusaka m'caka ca 1978 ali mtsikana wongokwatiwa kumene. M'katundu wake munali mphika, khasu la amai ake ndi kathumba ka mbeu za cibwabwa. Anthu a m'basi anamuseka nati, "Mlamu, m'tauni salima, koma amagula."

Sipanapite nthawi, iye anaona kuti omuseka aja analakwa. Mtengo wa mkuwa unali utagwa m'caka ca 1975, cuma ca dziko cinafooka, ndipo sopo, mafuta ophikira ndi unga zinali kusowa m'masitolo. Malipiro a mwamuna wake, amene anali mlonda, anali kutha mwezi usanafike pakati. Tsono kuseri kwa komboni kunali dambo lopanda nyumba. Kumeneko iye ndi amai anzake anagawana mizere, nabzala repu, matimati, cibwabwa ndi cimanga pang'ono.

Masiku amenewo Boma la a Kenneth Kaunda linali kulimbikitsa anthu kugwira khasu, makamaka ndi pulogalamu ya Lima. Komabe makhonsolo a m'matauni nthawi zina anali kutuma anyamata a zikwakwa kukadula cimanga cosakhwima, ponena kuti cimabisa mbala ndi kusunga udzudzu. Mai uja anadulidwa cimanga kawiri, ndipo kawiri konse anabzalanso. Pamene anthu anacita cipolowe cifukwa ca mtengo wa unga, ku Migodi m'caka ca 1986 ndi mu Lusaka m'caka ca 1990, ana ake sanagone ndi njala. Mwamuna wake atamwalira, ndalama za ndiwo ndizo zinalipira sukulu.

Mzinda unakula. Masitolo akuluakulu anayamba kumangidwa, monga Manda Hill imene inatsegulidwa m'caka ca 1999, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu a mu Lusaka aposa 2 miliyoni. Magalimoto anacuruka, nafuna poima. M'mawa wina mai uja, amene tsopano onse anali kumuitana kuti agogo, anapeza zikhomo zofiira pakati pa mizere yake. Kampani ina inali itapatsidwa malowo. Mwini nchito anamufunsa mwaulemu kuti, "Agogo, kodi muli ndi pepala?" Iye anaonetsa zikhato zake zouma, koma pepala analibe.

Apa ndi pamene anaphunzira zimene malamulo anena. Kuyambira 1975 nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo lamulo la malo la 1995 limalola munthu kubwereka malo kufikira zaka 99. Cikalata cokhalira m'komboni, ca zaka 30, cimateteza nyumba yokha, osati dimba la kudambo. Zaka zonse zimene anathira manyowa pamenepo sizinalembedwe m'buku liri lonse.

Dambo linathiridwa miyala ndi phula, likhala bwalo loimikapo magalimoto. Koma njira ya ana yopita kusukulu ndi kumpopi inali kudutsa pomwepo, ndipo ana saleka njira imene anazolowera. Panalibe mpanda, panalibe nyali, panalibenso mlonda woongolera oyendetsa. Tsiku lina madzulo galimoto lobwerera m'mbuyo linagunda mdzukulu wake wa zaka 7, nilimthyola mwendo. Woyendetsa analira naye pamodzi, pakuti mwana wamfupi saoneka pa galasi la kumbuyo. Mvula itabwera, madzi amene kale anali kumira m'dambo anasefukira m'nyumba ndi m'zimbudzi, ndipo aliyense wokumbukira kolera wa 2017 ndi 2018 anacita mantha.

Agogo sanapite kukatukwana munthu. Anasonkhanitsa anzake a madimba, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi wina anawauza kuti lamulo la 2015 lokonza matauni ndi zigawo limafuna kuti khonsolo iri yonse ilembe dongosolo la kagwiritsidwe nchito ka malo, ndi kuti anthu okhala pamalopo afunsidwe maganizo ao. Analembetsa maina ao monga gulu, napita kwa khansala wao ndi zopempha zinai: mpanda kuzungulira bwalo, nyali za usiku, kanjira ka oyenda pansi kopatukana ndi magalimoto, ndi malo otsala m'mbali mwa ngalande kuti akhale madimba a gulu, olembedwa pa pepala.

Anayenda maulendo ambiri, ndipo ena a m'gulu anatopa nasiya. Potsiriza mpanda unamangidwa, nyali ziwiri zinaikidwa, ndipo gulu linalandira kalata yolilola kulima pa kamalo kocepa, kosafika ngakhale theka la dambo lakale. Agogo anaikulunga kalatayo m'pulasitiki naisunga pansi pa sutikesi. M'caka ca 2024, pamene Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse, kadimba kameneka, kothiriridwa ndi madzi a pacitsime, kanadyetsa mabanja amene sakanatha kugula ndiwo pamsika.

Mdzukulu uja anacira, ngakhale kuti amatsimphina pang'ono kukazizira. Ndiye amene analembera agogo ake kalata yopita kwa mlongo wao ku Katete. M'kalatamo anati mlongoyo asakhale phee poona miseu, masitolo ndi poima mabasi zikuyandikira mudzi. Apite kwa anyakwawa ndi kwa mfumu pamodzi ndi anzake, aonetse malire a madimba ao pamaso pa mboni, ndipo zonse zilembedwe zikhomo zofiira zisanafike. M'envulopu yomweyo anaikamo mbeu za cibwabwa, zidzukulu za zija anabwera nazo m'caka ca 1978.