Katemera wachitatu uja

Za 2021 zimandizunguzabe mutu. Ku Britain katemera wowonjezera wa Covid-19 anayambira azaka 50 kupita m'tsogolo, ogwira ntchito m'zipatala ndi odwala matenda a mgonagona. Lamulo linali lodikira miyezi 6 chibayitsireni wachiwiri. Mtundu watsopano wa Omicron utangotulukira mu Novembala, miyezi ija anaidula kufika 3, n'kutsegulira aliyense wazaka 18 kupita m'tsogolo. Wa Moderna ankangobaya theka la mlingo woyamba uja.

Chonsechotu mu Ogasiti, Tedros, mkulu wa WHO, anali atachonderera mayiko olemera kuti ayambe aima kaye kubaya wachitatu, ena alandireko. Anamva ndani? Abale athu ku Leeds ankatumiza zithunzi za khadi lodinda katatu, kuno agogo ambiri kumudzi asanalandire n'komwe AstraZeneca woyamba.