Za Khosi ndi Kuwawa kwa Nkhope

Ife a kuno ku Guilleme tinakula tirikusenza. Mai akatunga madzi m'cigubu ca malita 20, wasenza makilo 20 pamutu. Mawa asenza nkhuni, mkuja thumba la cimanga kunka nalo kucigayo. Khosi lipirira zaka zambiri, koma likatopa silidandaulira pamalo pace pokha. Mitsempha yoturuka pa mafupa atatu a pamwamba pa khosi ikomana ndi mtsempha waukuru wa nkhope munsi mwa ubongo. Cifukwa cace bvuto la m'khosi limveka kunkhongo, pamphumi, ngakhale kuseri kwa diso. Kuwawa kumeneku kukhalitsa, ndipo kukula munthu akaceuka. Pamenepo manja athandiza ndithu: kuthowa ndi madzi ofunda, kusisita mofatsa, ndi mafizo amene aphunzitsa kucipatala.

Koma iripo nthenda yina imene tiisokoneza ndi imeneyi, ndipo ndiyo yomvetsa cisoni. Sing'anga wa ku London, John Fothergill, anailongosola m'caka ca 1773. Ibwera ngati mphenzi, mbali imodzi ya nkhope, patsaya kapena pansagwada, nitha zisanakwane mphindi ziwiri, nibweranso. Kusukusula, kutafuna nsima, ngakhale kamphepo ka m'mawa, ziiutsa. Kawirikawiri gwero lace ndi mtsempha wa mwazi umene upanikiza mtsempha wa nkhope m'kati mwa cigaza, kumene dzanja la wosisita silifika konse. Taona nkhalamba zitazulitsa mano abwinobwino, ululu osacoka. Taona ena atatemedwa mphini nkhope yonse, ena nayamba kuloza cala mnansi wosacimwa. Komatu mankhwala alipo, dzina lace carbamazepine, amene asing'anga anayamba kuciza nao nthendayi m'caka ca 1962. Ayenera kulembedwa ndi dokotala, pakuti acititsa cizungulire, ndipo muyeso wace auonjeza pang'onopang'ono.

Cimodzi ticikana kwatunthu, ndico kupotokola khosi la wodwala mwamphamvu kufikira lilire. Mitsempha yotengera mwazi ku ubongo ipita m'timabowo ta mafupa a khosi. Ikang'ambika, munthu akhoza kufa ziwalo tsiku lomwelo.

Mukamperekeza wodwala kucipatala ca pa misyoni pano, kapena ca boma ku Mchinji, mukanene zinthu zitatu: kuwawako kuli mbali iti, kukhala nthawi yotani, ndi cimene cikuutsa.