Getsi la pakhonde kuchigwa cha Shire

Ndine wamagetsi, ndipo ntchito zanga zambiri ndimagwira pakati pa Liwonde, Ulongwe ndi Balaka. Munthu akamanga khonde, nadzala kapinga ndi maluwa, amandiitana atasankhiratu: akufuna getsi loyera mbee, loti ngakhale odutsa mumsewu aone. Ine ndimayamba ndi funso. "Bwana, pakhondepa muzidyerapo nsima, kapena mukufuna kuopseza akuba?" Babu limodzi silingagwire ntchito ziwirizi.

Kuno ndi kuchigwa, pafupi ndi Shire ndi madambo ake. Babu loyera kwambiri, lija pakatoni amalemba 6500K, limaitana tizilombo touluka ta m'dera lonse. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimaunjikana pa getsilo mpaka kugwera m'mbale ya ndiwo. Wofuna kugwira ngumbi angasangalale, koma mlendo amene wagona pa loji kuti m'mawa akaone njovu ku Liwonde National Park amangonyamula mbale n'kulowa m'nyumba. Tizilombo tikachuluka pamabwera achule, ndipo pomwe pali achule njoka sichedwa. N'chifukwa chake pokhala anthu ndimaikapo babu lachikasu, la 2700K kapena 3000K, lokhala ndi chivindikiro kuti liziwalira pansi osati m'maso. Loyeralo ndimalipititsa kumpanda kapena pageti, tizilombo tikasonkhane komweko. Za udzudzu musanamizidwe: umatsata mpweya ndi fungo la munthu, palibe babu lopirikitsa udzudzu.

Vuto lina ndi madzi. Ndikatsegula nyale yakunja yotchipa mvula itatha, ndimapeza timadzi tili m'munsi mwa galasi, zomangira zitachita dzimbiri, pakona mavu ataumbapo kanyumba kadothi, nyerere zitalowera pabowo la waya. Pansi pa denga la khonde nyale yolembedwa IP44 imakwanira, koma pamtetete pomwe mvula imamenya mwachindunji pamafunika IP65. Waya azilowera kunsi kwa nyale, ndipo ndimamupinda kaye kuti azende pang'ono, dontho lizigwera pansi lisanafike pabowo. Waya wodutsa pansi pa nthaka akhale wa chikopa chachitsulo, wokwiriridwa mozama, chifukwa wosamalira maluwa akamalima ndi khasu sadziwa pomwe ndinadutsitsa. Magetsi a ESCOM ndi mavoti 230. Pa kapinga wonyowa, mwana ali wopanda nsapato, amenewa amapha. Sindilumikiza nyale yakunja popanda waya wa earth ndi switchi yodzithimitsa yokha ya 30mA, ngakhale mwininyumba adandaule za mtengo.

Chichitikireni namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira inaonongeka ndipo magetsi anayamba kuthimathima kwa maola ambiri, anthu atembenukira ku sola. Achita bwino, dzuwa kuno n'losasowa. Koma tinyale tija timabwera sola, batire ndi babu zili pamodzi sititha kupirira kutentha kwa Okutobala ku Balaka. Batire limapsa tsiku lonse padzuwa, ndipo pakapita nthawi kanyaleko kamathima anthu asanamalize n'kudya komwe. Ena amakaika pansi pa mtengo wa mango, kenako n'kumadabwa kuti sikakuyaka. Ine ndimakonda sola ikhale padenga payokha, batire m'nyumba pamthunzi, waya n'kupita ku mababu a LED ang'onoang'ono angapo: limodzi pamwamba pa tebulo, ena m'munsi pamasitepe ndi m'kanjira kopita kuchimbudzi, komwe agogo angapunthwe. M'chilimwe fumbi limaphimba galasi la sola, ndiye muzilipukuta ndi kansalu konyowa.

Mababu mutha kusankha nokha kusitolo, bola muwerenge manambala a pakatoni. Koma wobwera kudzakumba ngalande ya waya pabwalo panu, muuzeni akuonetseni kaye chiphaso chake cha ku bungwe loyang'anira zamagetsi la MERA.