Cikole Canga Cinabwerera M'mbale

Nkhani iyi ndaisunga mumtima zaka zingapo, ndipo ndaganiza zoikamba cifukwa ca anyamata amene ndimawamva akudandaula kuti atsikana amakana mwamuna popanda cifukwa. Inenso ndinakanidwa, ndipo kwa nthawi yaitali ndinali kunena mau omwewo.

M'caka ca 2016 ananditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Katete, kutali ndi mseu waukulu wopita ku Chipata. Ndinali nditangoturuka ku koleji, nsapato zikunyezimira, Cingerezi ciri pakamwa. Kumeneko ndinaona NaPhiri, mbeta imene inalekezera sukulu mu Giredi 7 cifukwa cosowa ndalama. Ndinamfunsira, iye nabvomera, ndipo ndinapereka cikole ca citenje ndi ndalama pang'ono. Aphunzitsi anzanga anandifunsa kuti, "Kodi madzulo mudzakamba naye ciani munthu wosaphunzira?" Ine ndinayankha modzitama kuti ndidzamphunzitsa ndekha.

Dzinja limenelo ndi lija kunagwa mbozi zacilendo zocokera ku America, zimene zinaononga cimanga kotero kuti mu December Boma linatuma ndege za asilikali kunyamula mankhwala. Tsiku lina mu January 2017 ndinamtsatira ku munda wa amai ace. Ndinampeza akuyenda phesi ndi phesi, akuthira phulusa losakaniza ndi mcenga pa nsonga ya cimanga. Anasolola mbozi imodzi, naiika pa cikhatho.

"Aphunzitsi," iye anatero, "ndaona kuti masana zimabisala m'kati umu, koma m'mawa masamba amakhala atabooka. Kodi zimadya usiku? Nanga kanthu kopanda mapiko kafika bwanji m'minda yonse mwezi umodzi wokha?"

Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti phulusa ndi nzeru za agogo, ndipo ndinayamba kuchula maina a mankhwala m'Cingerezi, ndi kusimba za aphunzitsi athu a ku koleji. Zoona zace, owerenga anzanga, n'zakuti yankho sindinali kulidziwa. Ndinadzamva pambuyo pace kwa mlangizi wa malimidwe kuti mbozizo zimadyadi usiku, ndi kuti mai wace ndi gulugufe wouluka mumdima, amene amapita kutali naikira mazira pa masamba. Za phulusa ndi mcenga, mlangiziyo anati alimi ambiri osowa mankhwala amatero ndithu. NaPhiri anali atafika pafupi ndi yankho ndi maso ace okha, ine ndiri kalikiliki kumseka.

Sikanali koyamba. Tikamamvera nkhani pa wailesi, iye akafunsa kanthu ndinali kumdula mau. Akalakwitsa liu la Cingerezi ndinali kumkonza pamaso pa ang'ono ace. Miyezi isanu yathunthu sindikumbuka kuti ndinamfunsapo ngakhale kamodzi kuti, "Inu mukuganiza bwanji?"

Patapita milungu iwiri, azakhali ace anafika pakhomo panga ndi mbale yobvundikira. M'menemo munali citenje cija copindidwa bwino, ndalama ziri pamwamba, osacotsapo ngakhale ngwee. Atakhala pansi anati, "Mwana akuti aphunzitsi ndi munthu wabwino, mowa sakumwa, kutukwana satukwana. Koma akuti kukhala nao kuli ngati kukhala ndi wailesi. Imakamba tsiku lonse, koma iwe ukakamba siimva."

Ndinapsa mtima. Ndinati pali mwamuna wina, kapena makolo amunyengerera. Cimene cinandiwawa koposa cinali cakuti wokana anali iye wa Giredi 7, ndipo wokanidwa ndine wa satifiketi. Tikamakamba zimene zimaziziritsa cikondi timachula zikhadabo zakuda, pfungo la kacasu ndi umbombo. Zimenezo ndinali nditazipewa zonse, ndipo ndinayesa kuti ndatha. Sindinadziwe kuti mkazi amayang'ananso za madzulo a zaka makumi anai, pamene nsima yadyedwa, ana agona, ndipo mwatsala awiri pa moto. Anzanga aja anafunsa funso loyenera, koma amene analiganizira mozama anali NaPhiri.

Iye anakwatiwa ndi mwamuna wokonza njinga. Mu October 2024, caka ca cilala cija, ndinawapeza awiriwo pa msika wa Katete ataima pa sitolo ya mbeu, akutsutsana kwambiri. Mkazi anali kunena kuti theka la munda abzale mapira ndi nandolo, mwamuna akuumirira cimanga cokha. Kenaka mwamunayo anatsamira pa njinga yace nati, "Tabwerezani amai a mwana, paja mwati mapira atani?"

Atandiona, NaPhiri anandipatsa moni mwaulemu, nafunsa za ana a sukulu. Ndinazengereza pang'ono, kenaka ndinamfunsa mbeu imene ingayenere munda wanga wa mcenga. Anandiyang'ana kanthawi, nayamba kufotokoza. Pepala ndinalibe, tsono ndinalemba pa cikhatho.