Ulendo woyesera: kuzungulira Cape Town pa njinga mpikisano usanafike

Tinanyamuka ku Woodstock kusanache, Lamlungu lina mu February, magetsi a mumsewu akadali oyaka. Tinalipo atatu: ine, mnyamata wina wa ku Zimbabwe amene amakonza njinga, ndi madala ena a ku Nkhata Bay amene akhala ku Joni kuno zaka zambiri akusamalira maluwa m'makomo mwa anthu. Madalawo mpikisano wa Cape Town Cycle Tour anaupalasapo kangapo, ndipo ndi amene anatiuza kuti tisadzafike pa tsikulo tisanaione njira yonse ndi miyendo yathu.

Mpikisanowu umachitika chaka chilichonse mu March, ndipo ndi wa makilomita 109. Akuluakulu akuno amangouti Argus, dzina la nyuzipepala imene inkauthandiza kwa zaka zambiri. Anauyambitsa mu 1978 ndi Bill Mylrea ndi John Stegmann, pofuna kuti akuluakulu a mzinda aone kuti apanjinga akufunika njira zawozawo. Chaka choyambacho analipo anthu ongopitirira 500. Masiku ano amatha kufika 35,000, aliyense nthawi yake ikuwerengedwa payekha, ndipo amene akufuna mendulo ayenera kumaliza maola 7 asanakwane.

Ife a ku Malawi njinga si yachilendo. Ine ndinakula ndikupita kuchigayo ndi thumba la chimanga pakaliyala, ndipo kuno ambiri mwa anzathu okhala ku Masiphumelele ndi ku Imizamo Yethu amapita kuntchito pa njinga kuti ndalama ya minibasi itsale. Mphamvu za m'miyendo tili nazo. Koma miyezi imene ndakhala ndikukonzekera yandionetsa kuti ulendo wautali umafuna china: kudziletsa. Munthu wozolowera kupalasa mphindi 40 kuti asachedwe kuntchito amaponda mwamphamvu kuyambira pakhomo. Akachita zomwezo pa makilomita 109, mphamvu zimamuthera pakati pa njira.

Ndinayamba mu October. Mkati mwa sabata ndinkangotalikitsa njira yobwerera kunyumba, n'kusankha yodutsa m'zitunda. Lamlungu ndilo linali la ulendo wautali, ndipo sabata iliyonse tinkaonjezerako pang'ono, kenaka sabata ina n'kuchepetsa dala kuti thupi lipume. Madala aja ankati liwiro loyenera ndi limene munthu ungathe kucheza ndi mnzako osapuma wefuwefu. Njinga yanga ndi yakaunjika, yachitsulo, yolemera poyerekeza ndi za anthu a ndalama, koma mnyamata wa ku Zimbabwe uja anaisinthira tcheni, matayala ndi mabuleki, nakweza chishalo mpaka bondo lizitsala pang'ono kuwongoka phazi likafika pansi. Chishalo chotsika kwambiri ndicho chimapha maondo. Ndinagulanso kabudula wokhala ndi thonje pokhalira, chifukwa pakatha maola atatu chimene chimayamba kudandaula si miyendo ayi. Chipewa choteteza mutu ndiye si nkhani yokambirana, kuno ndi lamulo.

Pa tsiku la mpikisano anthu amatuluka mumzinda kudzera mumsewu waukulu wa M3, umene amautseka kuti galimoto zisadutse. Masiku ena onse njinga siziloledwa mmenemo, choncho ife tinadzera Main Road, kudutsa Observatory, Rondebosch, Claremont ndi Wynberg, mashopu akadali otseka. Dzuwa linatulukira titayandikira Muizenberg, ndipo pomwepo mphepo inatilandira.

Mphepo imeneyi ndiyofunika kuifotokoza, chifukwa ndiyo mwini mpikisanowu. Imachokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo akuno amaitcha Cape Doctor. Madala aja, pokhala munthu wa kunyanja, amati ndi mwera womwewo umene umabweza asodzi kumtunda. Mu 2017 inaomba mopitirira makilomita 100 pa ola, anthu akulephera ngakhale kuigwira njinga poyambira, mpaka mpikisano unalephereka. Mu 2015 vuto linali moto wa m'mapiri, ndipo njira anaifupikitsa kufika pa makilomita 47. Mu 2002 anauimitsa uli mkati chifukwa cha kutentha. Munthu ungakonzekere bwanji, nyengo ya tsikulo sungaisankhe. Chimene ungachite ndi kuzolowera kupalasa masiku oipa omwe, ndi kuphunzira kubisala kumbuyo kwa mnzako. Tinkatsogola mosinthanasinthana, wakutsogolo akulimbana ndi mphepo, awiri akupuma kumbuyo kwake, tayala pafupi ndi tayala. Zimenezi zimafuna kukhulupirirana, ndipo sizingaphunziridwe pa tsiku la mpikisano pakati pa chikhamu cha anthu osawadziwa.

Kuchokera ku Muizenberg msewu umatsata nyanja, njanji ya sitima ili pakati pa iwe ndi mafunde. Tinadutsa Kalk Bay, pamene maboti a asodzi amakocheza, kenaka Fish Hoek ndi Simon's Town, kumene kuli doko la asilikali apamadzi. Apa msewu ndi wopapatiza. Lamulo la chigawo cha Western Cape limati galimoto isiye mpata wa mita imodzi podutsa wapanjinga, ndipo oyendetsa ambiri amatsata, koma wina wa thiraki yaing'ono anatidutsa pafupi kwambiri moti ndinamva mphepo yake pamkono. Zinandipweteka mtima, chifukwa anzathu opita kuntchito amakumana ndi zoterezi m'mawa uliwonse, ambiri opanda nyali, opanda chovala chowala.

"Idyani, achimwene," anatero madala titangodutsa Simon's Town.

Ndinayankha kuti njala sinandigwire.

"N'chifukwa chake ndikuti idyani. Ikakugwirani ndiye kuti mwachedwa kale."

Ndinasenda nthochi. M'mawa ndinali nditamwa phala lothira chiponde, ndipo m'matumba a malaya ndinali ndi nthochi, mbatata yophika ndi buledi wopaka jamu. M'botolo limodzi munali madzi okhaokha, m'linalo madzi othira shuga ndi kamchere pang'ono. Thupi limasunga chakudya chofulumira kugwira ntchito chongokwana maola awiri kapena kucheperapo munthu ukamapalasa molimba, ndipo chikatha miyendo imangolefuka, mutu n'kumazungulira. Anzathu ena amagula timapaketi ta zotsekemera m'mashopu a njinga. N'zabwino kwa amene angakwanitse, koma mbatata imagwira ntchito yomweyo. Chachikulu n'choti chilichonse chimene udzadye pa tsikulo m'mimba mwako muchizolowere kale.

Chitunda cha Smitswinkel ndi chachitali koma chosaimirira kwambiri. Pamwamba pake, pafupi ndi chipata cholowera ku Cape Point, tinapeza anyani atakhala m'mbali mwa msewu, ndipo tinabisa zakudya n'kudutsa osaima. Titakhota kuloza kumpoto, mphepo ija inabwera kumsana. Njinga inapepuka. Kutsetsereka kupita ku Scarborough ndi Misty Cliffs, nyanja ya Atlantic ikuthovola kumanzere, ndinamva chimwemwe chimene sindinachimvepo chibwerere kuno, ndipo mtima unkafuna kuti ndiponde ndi mphamvu zonse. Madala anangokweza dzanja, kutiuza kuti tisapupulume. Malo amenewa ndi amene amanyenga anthu ambiri, chifukwa zitunda ziwiri zoopsa zimakhala zikadali kutsogolo.

Tinadzaza mabotolo ku Noordhoek n'kuyamba Chapman's Peak. Msewuwu unatsegulidwa mu 1922, ndi wa makilomita 9, uli ndi makona 114, ndipo anachita kuusema m'thanthwe. Kumanja kuli phiri loimirira, kumanzere phompho, nyanja ili pansi penipeni. Ndinaika giya yopepuka n'kumazunguza miyendo mosalekeza, osaimirira pa zopondera. Mnyamata wa ku Zimbabwe anatisiya, ife osamuthamangira. Pamwamba tinaima pang'ono, Hout Bay yonse ikuoneka kutsogolo, maboti ali padoko.

Suikerbossie, chitunda chachiwiri chija, imayambira potuluka m'Hout Bay. Munthu woiona ali m'galimoto sangamvetse chifukwa chake imatchuka chotere: sikwana n'komwe makilomita awiri, ndipo msewu wake ndi wotakata bwino. Vuto lake ndi pamene ili. Umaipeza utapalasa kale makilomita oposa 90, dzuwa lili paliwombo, phula likutentha, ndipo pamwamba pake pamaoneka kuchokera pansi, osayandikira. Chapakati ntchafu yakumanja inayamba kukokana. Ndinachepetsa mphamvu, ndinamwa madzi a mchere aja, n'kumayang'ana tayala lakumbuyo la madala basi. Iwo sanacheuke, koma ndinaona kuti achepetsa liwiro kuti ndisatsale. Mnyamata uja tinamupeza ataima chakumtunda, atagwira bondo, ndipo tinamudikira mpaka anakweranso. Apa ndi pamene phala la m'mawa, nthochi ya ku Simon's Town ndi dzanja lija la ku Scarborough zinaonetsa ntchito yake. Ndinafika pamwamba ndili pachishalo, osatsika.

Kuchokera pamenepo ndi mtsetse ndi chidikha, kudutsa pamwamba pa Llandudno, kenaka Camps Bay, Clifton ndi Sea Point, mpaka pafupi ndi bwalo la mpira la ku Green Point, pamene mpikisano umathera. Titachotsa nthawi yopuma, tinapeza kuti maola 7 aja tikhoza kuwakwanitsa ndi mpata wabwino, bola mphepo isapitirire ya tsikulo.

Tinakhala pa kapinga n'kugawana mbatata yotsala, madala akutiuza za masabata otsalawo. Ulendo wautali ngati umenewu sitibwerezanso. Tizingopalasa maulendo aafupi kuti miyendo isaiwale, tizigona mokwanira, ndipo njinga isasinthidwe kalikonse m'sabata yomaliza, ngakhale chishalo. Ine ananditumanso kukagula chubu chachiwiri ndi kuyeserera kuchisintha kunyumba mpaka manja azolowere, chifukwa tayala likadzaphwa pa Chapman's Peak iwo sadzakhala pafupi. Adzanyamuka m'gulu la m'mawa, la anthu amene nthawi yawo ikudziwika kale, pamene ife oyamba kumene tidzanyamuka m'magulu akumbuyo, dzuwa litakwera.