Ndalama za promoshoni tikamazilowetsa pa intaneti

Anzathu a geni ndi madalaivala a msewu wa ku Beira, ife a kuno ku Mutare tili ndi mawu pa ndalama za promoshoni. Kampani yomwe timaodako imati tsitsani mtengo, tidzakubwezerani. Timatsitsadi. Koma kubwezako kumabwera mochedwa, pang'onopang'ono, mwinanso ngati katundu.

Kope limanyowa, foni imasowa pamzere wa pa Forbes, ndiye masiku ano zonse timasunga pa intaneti, ena pa Google Sheets, ena pa QuickBooks. Vuto lake, pulogalamu imangomeza zomwe mwaipatsa, siifunsa. Tisanalowetse fayilo ya Excel timaonetsetsa kuti mzere uliwonse uli ndi nambala ya invoyisi, zomwe tinapempha, zomwe anatibwezera, komanso mtundu wa ndalama. Chomalizachi ndiye chaliza ambiri. ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndiye 500 yopanda dzina ikhoza kukhala ZiG, madola a ku America, kapena metikali ya ku Machipanda. Madeti nawonso amapusitsa: 03/04 pulogalamu ina imawerenga 3 Epulo, ina 4 Malichi.

Akatibwezera theka sitilemba kuti zatha. Mzerewo timausiya wotsegula, chifukwa ukangotsekeka, a kampani amati analipira zonse, ndipo buku lathu lomwe limawaikira umboni.